Agogo Atatsika Padenga

Agogo anga aamuna ndinkawadziwira kumapazi. Ena akamakumbukira agogo awo amayamba ndi nkhope kapena mawu, koma kwa ine zimayamba kubwera ndi zidendene zong'aluka zitaponda pa phaso, chifukwa nthawi zambiri mkuluyo ankakhala pamwamba, ife tili pansi. Ntchito yawo inali yofolera nyumba. Kuchokera kwathu, m'mapiri a kumalire a Dowa ndi Ntchisi, mpaka kutsetserekera ku Chezi, unali mudzi wosowa umene unalibe denga lawo. Iwo anaphunzira kwa amalume awo, amalumewo anaphunziranso kwa amalume awo, moti mlendo akamafunsa njira ya kwathu ankangoti akupita kwa ofolera.

Mayi athu anamwalira tili aang'ono, agogo aakazi nawo sanachedwe kutsatira, ndiye pakhomo tinatsala atatu: agogo, ine ndi mlongo wanga Esinati. Ine ankanditchula kuti mnzanga. Ntchito anandiphunzitsa osandifunsa ngati ndikuifuna. M'nyengo yachisanu tinkakwera m'mapiri ndi zenga kukamweta tsekera, udzu wautali uja, kenako n'kukhala pansi kumaupesa kuti masamba onse achoke, patsale mapesi okhaokha. Ndinene zoona, sindinkaikonda. Udzu umayabwa, umacheka zala, ndipo malipiro ake nthawi zambiri ankabwera akuyenda ndi miyendo iwiri, akulira kuti kwiyo.

Chimene chinandichotsa pamudzi chinachitika masana ena tikufolera nyumba ya mayi wina wamasiye. Mtengo umene agogo anaponda unali utadyedwa ndi chiswe. Unathyoka, iwo n'kulowa m'denga mpaka m'khwapa, miyendo ikupalasa m'mwamba mkati mwa nyumba ya eni. Anthu anaseka, iwonso anaseka, koma ine sindinaseke. Powatulutsa ndinamva kupepuka kwawo. Munthu amene ndinkamuona ngati mtengo wa mkuyu anali atatsala mafupa ndi liuma.

"Agogo, mwakula," ndinawauza madzulo ake. "Tsikani padenga."

"Nditsike ndikatani pansi? Pansi pali anthu okwanira kale."

"Tsiku lina mudzagwa."

"Ndiye kuti ndidzakhala ndatsika. Udzakondwa."

Munthu wotere sungakangane naye. Ndinawauza kuti ndikupita ku Joni, ndikagwire ntchito, chakudya chizichokera kwa ine, iwo apume. Cholinga changa chinali chimodzi chomwecho. Anzanga ankapita kuti akagule njinga yamoto kapena akapeze chokwatirira, ine ndinkapita kuti nkhalamba ina itsike padenga isanathyoke khosi.

Anandiperekeza mpaka pamtsinje. Malangizo awo anali achidule. "Ukakaona anthu akuthawa, nawenso thawa, mnzanga. Zofunsa ukafunsire kutsogolo." Atatero anabwerera, chifukwa kunali chigafa cha fodya chimene chinkawadikira.

Za ulendo sindikumbuka zambiri kupatula kutupa kwa mapazi ndi mantha a pamalire. Miyezi yoyamba ndinakhala m'tauni yaikulu, m'kachisakasa ka malata, ndikuimirira pamphambano m'mawa uliwonse kudikira galimoto yofuna munthu wokumba kapena wonyamula. Masiku ena inkaima, masiku ambiri inkangodutsa. Kumeneko ndinaphunzira kuti njala ya m'tauni ndi yoipa kuposa ya kumudzi, chifukwa umaimva ukununkhiza zakudya za anzako.

Amene anandipulumutsa ndi Yohane, mkulu wina wamfupi wa ku Madisi, wolongolola, amene kale anali tenanti m'minda ya fodya. Tinakumana pamaliro a Mmalawi mnzathu. Atamva kumene ndikuchokera anandiyang'ana kumapazi.

"Kodi kukwera mumatha, achimwene?"

"Kukwera chiyani?"

"Denga. Bwana wathu kunyanja akufuna anthu osachita chizungulire."

Tinayenda tsiku lathunthu mpaka msewu unakathera pamadzi. Ine mwana wa kumapiri, madzi ambiri amene ndinkawadziwa anali a m'dambo mvula ikakula. Apa panalibe tsidya. Mafunde ankabwera, n'kubwerera, n'kubweranso, osatopa, osapita kulikonse. Ndinalawa pang'ono ndi chala kuti nditsimikize zamchere zija, Yohane akundiseka.

Koma chimene chinandidabwitsa kwambiri si nyanja. M'mbali mwa gombe monsemo munali nyumba zikuluzikulu za anthu olemera, zamagalasi kuyambira pansi mpaka mmwamba, magalimoto awiriawiri pakhomo, koma pamwamba pake udzu. Ndinaima pamsewu n'kuseka mpaka misozi. Kwathu munthu akafolera ndi udzu ndiye kuti fodya sanamuyendere. Kuno munthu ankayamba walemera kaye kuti akwanitse kugona pansi pa udzu. Ndinali nditadutsa mayiko kuthawa ntchito ya agogo, ndipo inali itafika kale ikundidikira.

Kafoleredwe kawo kanali kena. Udzu wake unali wolimba ngati bango laling'ono, ankausoka ndi waya ndi singano yaitali, kenako n'kumaumenya kunsonga ndi thabwa mpaka denga lisalale. Denga lotero mwana amabadwa mpaka kuyamba ndevu lisanasinthidwe. Ndinayambiranso kuphunzira, kapitawo akundikalipira m'chinenero chimene mwamwayi sindinkachimva. Mapazi okha ndi amene sanafune kuphunzitsidwa. Ankadziwa okha poponda.

Tinkagona kuseri kwa yadi ya bwana, m'chikontena chimene anachiboola mawindo. Anthu tinali ochuluka kuposa mabedi: Amalawi, wa ku Mozambiki mmodzi wosalankhulalankhula, ndi anyamata a ku Zimbabwe okonda mpira. Mphepo ya kunyanja inkalowa paliponse, mchere wake unkadya chilichonse chachitsulo, ngakhale zipi ya buluku. Galimoto ya apolisi ikamveka, amene mapepala awo anali atatha tinkasanduka anthu okonda tchire. Wina akadwala tinkamugwirira ntchito yake kuti bwana asamuchotse. Yohane ankatiphikira nyemba Lamlungu lililonse n'kumalumbira kuti zikanakhala za ku Madisi bwenzi zitapsa kalekale.

Nyengo yotentha ikafika, kunkadzaza alendo a tchuthi. Padenga umaona zonse. Ankabwera ndi ana, agalu, mipando yopinda, n'kukayala nsalu pamchenga. Akadzola mafuta ankagona. Pakapita nthawi ankatembenuka, ngati chimanga chowotcha, n'kugonanso. Tsiku loyamba ndinaganiza kuti ndi odwala amene achipatala awauza kuti aziwothera dzuwa.

"Akupuma amenewo," anatero Yohane.

"Atopa ndi chiyani?"

"Ndi ndalama. Zimalemera, achimwene, inu simungadziwe."

Poyamba ndinkawaseka. Kenako panabwera nkhalamba ina imene inandisintha maganizo. Inali ya msinkhu wa agogo. M'mawa uliwonse mdzukulu wake wamkazi ankaigwira mkono, pang'onopang'ono mpaka pakamthunzi kaudzu kamene tinamanga ifeyo pafupi ndi madzi. Ankaikhazika pampando, n'kuifunditsa kabulangete m'maondo. Nkhalambayo inkangoyang'ana mafunde, kusinza, kudzuka, kumwa tiyi, kuyang'ananso mafunde. Palibe amene ankaifunsa kuti yagwira ntchito yanji lero. Ndinkaiyang'ana ndili ndi singano m'manja, mtima ukundiwawa ndi nsanje. Ndinkafuna agogo anga akhale choncho, ngakhale chaka chimodzi chokha asanafe.

Kuti tilankhulane, Esinati ankayenera kukwera kachulu ka kuseri kwa tchalitchi kumene foni imagwira, agogo akumutsatira. Tsiku limene ndinawauza ntchito imene ndikugwira, agogo anafunsanso ngati kuti sanamve bwino.

"Ukufolera?"

"Eya, agogo."

"Ku Joni?"

"Ku Joni komwe kuno."

Anaseka mpaka kutsokomola. Atapuma anayamba mafunso. Udzu wake ndi wotani? Amaumweta mwezi wanji? Pansonga amatseka bwanji? Ndinatumiza chithunzi cha nyumba imene tinali titangomaliza. Esinati anandiuza kuti anachiyang'ana nthawi yaitali, foni ataiyandikiza pamphuno, kenako anati, "M'mphepetemu wadula bwino. Koma uyu ndi udzu wa anthu aulesi, wobadwa wopesapesa."

Ndalama ndinkatumiza mwezi ndi mwezi. Chimanga chinalipo, sopo analipo, shuga wa tiyi sankasowa. Koma ndikafunsa kuti agogo ali kuti, yankho linali lomwe lija: ali padenga. Ntchito inali itachepa, chifukwa aliyense wogulitsa fodya ankathamangira malata, koma iwo ankapezabe pokwera. Akasowa kwina ankakwera nyumba yawo yomwe, kusasula pamene panalibe vuto n'kufoleranso.

Ndiye ine ndi Esinati tinapangana. Tinati tikaika malata panyumba yawo, denga lomaliza lidzakhala lawachokera, komanso anthu adzaona kuti mdzukulu wawo sanapite ku Joni kukasewera. Kwathu palibe ulemu woposa umenewo. Ndinadzimana kwa miyezi yambiri. Malata atakwana, tinadikira sabata imene agogo anapita kuchipatala ku Madisi kukaonetsa maso. Akalipentala anagwetsa udzu wonse, n'kukhoma malata. Pobwera anapeza nyumba ikuwala.

Esinati anati anaizungulira kawiri, manja kumbuyo. Kenako anakaima pamulu wa udzu wakale uja n'kumautembenuza ndi phazi. Madzulo ake anakwera kachulu kuja.

"Zikomo, achimwene," anatero agogo. "Mwatimangira nyumba yabwino."

Aka kanali koyamba kunditchula achimwene. Ine ndinamva ngati andikweza udindo.

"Tsopano mundilonjeze, agogo. Musakwerenso."

"Ndamva."

"Munene ndithu."

"Sindikweranso padenga. Wamva? Ndatsika."

Lamlungu lotsatira ndinapita kugombe ndi Yohane. Ndinavula nsapato, ndinayala jekete pamchenga, ndinagona chagada ngati mlendo wa tchuthi. Yohane anakana kugona, anati iye sadzagona pansi masana anthu akuona asanamwalire, ndiye anangokhala pambali atapinda buluku, akudya malalanje. Mchenga unali wofunda kumsana. Mafunde ankamveka ngati akuchokera m'kati mwa mutu wanga womwe. Ndinaganiza za agogo atakhala pakhonde, miyendo atatambasula, akuyang'ana mapiri, tiyi ali pambali. Ndinagona tulo tokoma kuposa tonse timene ndinagonapo m'dziko lija. Ndinadzuka nkhope itauma ndi mchere, mtima uli mbee.

Kuyambira pamenepo ndikafunsa, Esinati ankati, "Ali bwino, akupuma." Agogo anayamba kuchepetsa zokwera kachulu, ankati maondo. Tikalankhulana sankafunsanso za udzu. Ankafunsa ngati ndikudya, ngati kukuzizira, mafunso amene nkhalamba iliyonse imafunsa. Ine ndinkaona kuti ndi mmene munthu wopuma amalankhulira.

Uthenga unabwera masana, ndili pansonga pa nyumba ina yaitali. Foni yanga inali m'jekete pansi, ndipo anayankha ndi Yohane. Ndinamuona akumvetsera, kenako akuvula chipewa. Sanakuwe. Anabwera pansi pa makwerero n'kunena mofatsa, "Achimwene, tatsikani kaye timwe madzi." Munthu ali padenga sauzidwa za maliro. Anadikira mpaka mapazi anga onse awiri ataponda pansi.

Kwathu maliro sachedwa, ndipo ine ndinali kutali masiku angapo, mapepala atatha. Sindikanawapeza. Bwana anatipatsa masana amenewo. Anzanga onse anasiya zida, tinakakhala pamchenga kumapeto kwa gombe kumene alendo safikako, titayang'ana kumpoto. Yohane anayambitsa nyimbo za pamaliro za kutchalitchi kwathu. A ku Zimbabwe ankayimba m'chinenero chawo pamene nyimbo zafanana, wa ku Mozambiki uja ankangong'ung'udza. Ndinalira kwambiri. Koma pansi pa kulirako panali kachitonthozo kamodzi: sanagwe. Anamwalira pamphasa, m'nyumba ya malata, atapuma.

Ndinagwirabe ntchito mpaka mvula ina itadutsa, kenako ndinalongedza. Yohane anatsala. Anati adzabwerera nyemba za kumeneko zikadzaphunzira kupsa.

Nditatsika galimoto n'kuyamba kukwera njira ya kwathu, mudzi unandithobwa m'maso. Paliponse malata. M'mapiri mmene tinkamweta tsekera munali mizere ya chimanga mpaka pamwamba. Esinati ndinamupeza atanenepa, ali ndi mwamuna ndi ana, akugulitsa tomato ku Chezi, ndipo ankalankhula mofulumira ngati munthu wozolowera kutsutsana mitengo. Ana ake ankandithawa, n'kumasuzumira m'zikwama. Achibale ankabwera kudzandilonjera, maso ali pa katundu, funso lili limodzi: nyumba mumanga liti, ndipo malata ake a mtundu wanji?

Titabwerako kumanda kumene anaika agogo, Esinati sanalowe m'nyumba. Anati, "Achimwene, tabwerani muone." Ananditengera kuseri, ku chigafa chakale cha agogo. Anachotsa mapepala apulasitiki amene anatchingira. M'katimo, pathandala lokwezedwa bwino kuopa chiswe, munali mitolo ya tsekera yosanjikizana mpaka pafupi ndi denga.

"Uwu ndi wa ndani?"

"Wa agogo."

"Wa liti? Si unkati akupuma?"

Anayang'ana pansi. "Anapuma masabata ochepa. Ankakhala pakhondepo kuyambira m'mawa, osalankhula, chakudya n'kumangochitola pang'ono. Mvula ikagwa pamalata ankatuluka kukakhala m'khitchini, ankati m'nyumbamo mukuchita phokoso ngati m'chigayo. Kenako tsiku lina ndinadzuka n'kupeza zenga palibe."

"Bwanji sunandiuze?"

"Mukanakalipa. Ndipo tsiku limenelo anadya, achimwene. Anamaliza mbale yonse. Ndikanawaletsa bwanji?"

Ndinafunsa ngati anakweranso padenga. Anapukusa mutu. Anati anthu ankabwera kudzawapempha, iwo n'kumakana, ankati analonjeza. Ngakhale chigafa chomwechi chitayamba kudontha anaitana mlamu wanga kuti akwere, iwo ali pansi akuloza ndi ndodo. Koma udzu ankamweta. Tsekera atasowa pafupi ankapita kutali, kumalire a minda, m'mphepete mwa mitsinje, n'kubwera ndi kamtolo pamutu. Akafika ankakhala pansi n'kumapesa.

Esinati anapitiriza, "Ndinawafunsa kuti udzu wonsewu ndi wa chiyani, poti nyumba ili ndi malata. Anati, 'Mnzanga uja akadzabwera adzafuna pokhala. Iye adzakwere, ine ndizidzamuponyera ndili pansi. Ndione ngati ku Joni anamuphunzitsa kapena anamuwononga.'"

Ndinayamba kutsitsa mitolo ija umodziumodzi, ndipo m'pamene ndinaona zimene foni sinkandiuza. Ya pansi, imene anayamba nayo, inali mitolo ya agogo amene ndinkawadziwa: yaikulu, yolemera, udzu wautali wofanana, wopesedwa mpaka kuwala, luzi lomangidwa mwamphamvu moti chala sichingalowe. Ya pakati inali yocheperako. Ya pamwamba, imene anamalizira, inali timitolo toti n'kugwira ndi dzanja limodzi. Udzu wake unali waufupi, womweta kuseri kwa nyumba komweko, masamba ali momwemo, luzi atangolizunguliza osalimanga. Ndinaiyala pabwalo motsatana mmene anaisanjira, ndipo ndinaona agogo akutha pang'onopang'ono kuchokera kumanzere kupita kumanja.

Ndinakhala pansi pomwepo mpaka dzuwa linapendeka. Ndinali ndi chisoni, komanso ndinali wokwiya, osadziwa woti ndimukwiyire. Nkhalamba ya kugombe ija mwina inkakonda mpando wake. Anga sanali otero, ndipo ndinawadziwa moyo wanga wonse. Koma ndikanati ndisawatsitse, mwina akanagwa, ndipo bwenzi lero ndikunena zina. Mpaka pano sindidziwa kuti chabwino chinali chiti.

Udzuwo sukanakwana nyumba yaikulu. Ndinaumba njerwa n'kumanga kanyumba ka chipinda chimodzi ndi khonde, pafupi ndi nyumba ya agogo, koyang'ana kumapiri. Anthu atamva kuti ndifolera ndi udzu, nkhani inafika mpaka ku Chezi. Ankati mtchona wabwera chimanjamanja. Mlamu wanga anandikokera pambali n'kundinong'oneza kuti ngati zinthu zavuta angathe kundibwereka malata angapo otsala, anthu asatiseke. Ndinamuthokoza, n'kumupempha kuti m'malo mwake aime pansi aziponya mitolo.

Ndinafolera masiku angapo, mosathamanga. Mitolo yaikulu ija inagwira mbali zitatu ndi pansonga, ndipo inagona bwino moti odutsa anayamba kuchepetsa kuseka n'kumaima. Itatsala mbali ya khonde, panatsala timitolo tomaliza tija. Mlamu anatola kamodzi, n'kukatembenuza.

"Alamu, iti ndi zinyalala. Tadikirani ndikakupezereni wabwino kwa anzathu kutsidyaku."

Ankanena zoona. Udzu wotero agogo akanaupeza m'manja mwanga akanandilanda n'kuuponyera mbuzi.

"Ponyani momwemo," ndinatero.

Sindinaupese, sindinauwonjezere wina. Ndinauyala mmene unalili, kamtolo ndi kamtolo, mpaka komaliza, kamene kanali kopepuka moti mphepo inatsala pang'ono kundilanda.

M'kanyumba kameneka ndi mmene ndimakhala mpaka lero. M'chipinda simulowa dontho ngakhale mvula igwe tsiku lonse. Koma pakhonde, kumanja kwa chitseko, pamadontha. Mlamu amandikumbutsa chaka chilichonse mvula isanayambe, ndipo chaka chilichonse ndimamuuza kuti ndamva. Ntchito yake ndi ya m'mawa umodzi, makwerero ndili nawo, manja ndili nawo. Mvula ikayamba ndimangosuntha mpando pang'ono, n'kukhala pansi kumaonerera madzi akudontha.